GPS imaloza malo, siloza njira

Kodi mukuganiza zogula GPS ya m'manja? Mwina mwamva za masewera a geocaching ndipo mtima uli dyokodyoko kuti nanunso mukasake timabokosi tobisidwa m'miyala ya ku Cape Maclear. Musanatulutse ndalama, imvani kaye nkhani iyi, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi.

Masewerawa ndi osavuta kuwamvetsa. Wina amabisa kabokosi kokhala ndi kabuku kosainamo, n'kulemba pa intaneti manambala a malowo. Inu mumalowetsa manambalawo mu GPS kapena mufoni, muvi n'kumakulozerani kopita. Anayamba pa 3 May 2000, pamene Dave Ulmer anabisa chidebe m'thengo ku Oregon, boma la America litangosiya kusokoneza dala mauthenga a masetilaiti ake kwa anthu wamba. Lero timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni padziko lonse. Kuno kwathu masewerawa sanafale kwenikweni, koma chizolowezi choyenda maso ali pa muvi chinafika kale, chifukwa foni yamakono iliyonse ili ndi GPS. Ngozi yagona pa chizolowezi chimenechi.

Pa 19 March 2011, bambo wina wa zaka 59 ndi mkazi wake wa zaka 56 ananyamuka pagalimoto ku Penticton, m'dziko la Canada, ulendo wa ku Las Vegas. Anali ndi GPS yonyamulika imene anali asanaizolowere. Ali m'njira anasiya msewu waukulu n'kutsata njira yachidule imene kachipangizoko kanawalozera. Msewu unayamba kuchepa, phula linatha, kenako galimoto inatitimira m'matope m'mapiri a kumpoto kwa Nevada, kopanda mudzi, kopanda netiweki. Patapita masiku atatu, bamboyo anatenga GPS ija n'kuuyamba wapansi kukafuna thandizo. Mayiyo anatsala m'galimoto, akudya pang'onopang'ono kamba ndi maswiti amene anatenga, akumwa madzi a mumtsinje. Alenje anamupeza pa 6 May, patatha masabata 7, ali moyo koma atafookeratu. Mafupa a mwamuna wake anapezeka kumapeto kwa September 2012, pamtunda wa makilomita pafupifupi 11 kuchokera pamene panali galimoto.

Kodi cholakwa chinali pati? Anthuwa sanali ana, sanali oledzera, ndipo GPS sinawanamize. Inkadziwa bwinobwino pamene iwo anali. Chimene sinkadziwa n'chakuti msewu wolembedwa pamapu ake unali matope okhaokha mwezi umenewo. Phula litatha, chimenecho chinali chizindikiro choyamba. Atayenda nthawi yaitali osakumana ndi galimoto ina, chinali chachiwiri. Netiweki itathawa, chinali chachitatu. Paliponse pamenepa akanatha kutembenuka, koma maso awo ankaona zina, muvi ukunena zina, ndipo iwo anakhulupirira muvi.

Cholakwa china n'chakuti palibe amene ankadziwa zoti asintha njira. Apolisi ndi achibale anathera mphamvu zambiri ku Oregon, kumene banjali linaonedwa komaliza, pamene mayiyo anali m'chigawo china. Ndipo bambo uja atanyamuka wapansi, anadaliranso kachipangizo komwe kaja. Apolisi akuganiza kuti anatsata muvi wolunjika ku tauni yaing'ono ya Mountain City, n'kulowa m'mapiri a chipale chofewa. Muvi wa GPS umalumikiza pamene mwaima ndi pamene mukupita ndi mzere wowongoka. Zimene zili pakati, kaya ndi phompho, mtsinje kapena dziwe la ng'ona, suziwerengera.

Tsono mukuti izi ndi za ku America? Taganizani za kuno ku Mangochi. Mwaima pamchenga wa ku Chembe, GPS ikuti kabokosi kali pamtunda wa mamita 400 okha. Mamita 400 amenewo akhoza kukhala matanthwe oterera a mapiri a ku Nankumba, kumene munthu amakwera ndi manja ndi mawondo, n'kukapeza kuti potsika palibe popondera. Akhoza kukhala madzi a pakati pa gombe ndi chilumba cha Thumbi kapena Domwe. Kuyambira May mpaka cha m'ma September nyanja imatha kukhala bata m'mawa, dzuwa likamakwera mwera n'kuyamba, mafunde n'kumachita thovu. Kodi GPS yanu inamvapo chenjezo la a zanyengo pawailesi? Asodzi amene anabadwira pomwepo amakokera mabwato awo kumtunda. Inu ndinu ndani kuti mupalase kupita ku Mumbo, makilomita pafupifupi 10 pamadzi, chifukwa choti muvi waloza kumeneko?

Nawo mapu amakalamba. Mu 2023 namondwe wa Freddy anakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera, ndipo mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe la Mangochi. Pamene mapu akusonyeza mchenga pakhoza kukhala bango, ndipo m'bango la mu Shire ndi ku Malombe eni ake ndi ng'ona ndi mvuu. Kutsidya, cha ku Namwera ndi ku Makanjira, malire a Mozambique ali pafupi, ndipo muvi sufunsa chiphaso.

Ngakhale kuno kwathu tinaonapo zotere. Mu July 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa zaka 28 wa ku Brazil, katswiri wa zachuma amene anali atayenda maiko ambiri, anasiya womulondolera njira n'kupitiriza yekha kukwera Sapitwa paphiri la Mulanje. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka kumayambiriro kwa August, atafa ndi kuzizira. Iye sanapusitsidwe ndi GPS, koma muzu wake ndi womwewo: kudziona ngati wokwana popanda munthu wodziwa malowo. Paja safunsa anadya phula.

Ndiye mukamasankha GPS, musafunse kuti yokongola ndi iti. Funsani kuti zinthu zikavuta, idzakuthandizani bwanji kubwerera kunyumba.

Yambani ndi mabatire. Sankhani yolowa mabatire awiri a AA, monga ma Garmin eTrex ambiri, imene imatha kuyaka maola oposa 20. Mabatire otere mukhoza kuwapeza pagolosale ya ku Monkey Bay, pamene yochita kutchaja ikathima muli pachilumba, yathima basi. Nyamulani ena apadera m'kapulasitiki komanga bwino. Foni musaidalire yokha. Ikamasaka netiweki, galasi lili ngwee padzuwa, batire limatsika mukuona, ndipo foni yomweyo ndi imene mudzaimbire thandizo.

Chachiwiri ndi madzi. Yang'anani chizindikiro cha IPX7 pabokosi lake. Chimatanthauza kuti kachipangizoko kakhoza kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka. Koma kusalowa madzi ndi kuyandama ndi zinthu ziwiri. Yambiri ikagwa m'madzi imamira ngati mwala. Ya panyanja, monga GPSMAP 78 ndi 79, imayandama. Ngati yanu siyandama, imangirireni chingwe m'khosi. Ikhalenso ya mabatani enieni, chifukwa yongokhudza pagalasi imavuta zala zikanyowa.

Chachitatu, ndipo chimenechi ndiye chachikulu, ikhale yosunga njira imene mwadutsa n'kutha kukubwezani momwemo. Garmin imatcha zimenezi TracBack. Musanasiye galimoto, njinga kapena bwato, sungani malo amenewo mu GPS. Ambiri amaiwala chifukwa mtima uli kale pa kabokosi, n'kudzakumbuka dzuwa litafiira, miyala yonse ikufanana. Ndi bwinonso ikhale ndi kampasi yogwira ntchito mutaima, chifukwa yotchipa imadziwa kumene mwayang'ana pokhapokha mukuyenda. Pathanthwe lotsetsereka si poyendayenda kuti muvi ukhazikike.

Dziwaninso malire a nzeru zake. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo kachipangizo kanu kamafunika kumva anayi kapena kuposa. Pabwalo poyera kamaphonya ndi mamita atatu kapena asanu. Pakati pa matanthwe ndi pansi pa mitengo yowirira kamaphonya kwambiri, ngakhale kamene kamamvanso masetilaiti a GLONASS ndi Galileo kamachitako bwino. Choncho ikati mwatsala ndi mamita 5 ndipo kutsogolo kuli phompho, ikani GPS m'thumba, mugwiritse ntchito maso. Musapise dzanja kuphanga musanagogode ndi ndodo. Mumadziwa chagona mmenemo?

Pali misampha ina iwiri ya manambala. Boma la Mangochi lili cha pa madigiri 14 ndi maminiti 28 kummwera, madigiri 35 ndi maminiti 16 kummawa. Mukalemba 14.28 ndi 35.16 mu GPS yotcheredwa kuwerenga madigiri okhaokha, idzakulozerani malo ena, makilomita oposa 20 kuchokera paboma. Winanso ndi wa mapu akale a boma, amene anayezedwa ndi muyezo wa Arc 1950, pamene GPS ndi geocaching zimayendera WGS 84. Kusiyana kwake kumafika mamita mazana awiri kapena atatu, okwanira kukuchotsani pagombe n'kukuikani m'madzi. Onani zimenezi muli pakhonde, osati muli m'thengo.

Chomaliza chimene ambiri sadziwa n'chakuti GPS wamba imangolandira, situmiza. Imakuuzani inu pamene muli, koma siuza mayi anu, apolisi kapena oyang'anira paki. Zilipo zokhala ndi batani la SOS lotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, monga za inReach, koma ndi zodula ndipo zimafuna kulipirira. Ngati mulibe yotere, SOS yanu ndi munthu amene mwamuuza kumene mukupita ndi nthawi imene mubwere. Mukasintha njira, muuzeninso netiweki isanathe.

Musaiwalenso kuti malo ali ndi eni ake. Zilumba ndi mapiri ambiri ozungulira Cape Maclear ali m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo ili ndi malamulo ake. Kunja kwa paki kuli minda ya anthu ndi manda. Mlendo wozungulirazungulira pathengo ndi kachipangizo kachilendo, akusuzumira m'mapanga, anthu amuganizira chiyani? Tisaiwale msanga za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera, ena mwa iwo chifukwa chongokhala osadziwika m'deralo. Kapereke moni kwa amfumu, fotokozani chimene mukusaka, ndipo tengani mnyamata wa pamudzipo akuperekezeni. Ndalama imene mungamupatse ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa GPS, koma iye amadziwa khwawa limene ladzadza, gombe la ng'ona ndi mtambo wobweretsa mphepo.

Zizindikiro zoti mubwerere n'zosabisika: njira ikuchepa, netiweki yathawa, batire latsika kufika theka musanafike, madzi akumwa atsala pang'ono, asodzi akubwerera kumtunda, dzuwa lapendeka. Ndipo mukadzimva mukunena kuti "tatsala pang'ono, tingomaliza," dziwani kuti mwafika pamene ena analakwira. Kabokosi sikathawa, mawa mudzakapeza pomwepo.

Gulani GPS yabwino, muiphunzire pabwalo la sukulu musanapite nayo kuphiri kapena panyanja. Koma muvi ukanena zina, maso anu ndi anthu a pamalopo akanena zina, mverani anthu ndipo bwererani kukadali kowala.