Ombwe pa Kadimba ka Kuseri kwa Nyumba

Makolo athu ankasinja masamba a ombwe n'kuwathira padziwe, nsomba n'kuyamba kuyandama. Lero zimenezo n'zoletsedwa, lamulo la usodzi la 1997 silikulola. Koma ululu womwewo ungakuthandizeni inu amene mumaweruka ku City Centre, ku Area 13, n'kukapeza nsabwe zitamata repu ndi mpiru wanu.

Ombwe ndi chitsamba cha maluwa oyera kapena ofiirira, chimene akatswiri amati Tephrosia vogelii. Kumalo ofufuzira za ulimi ku Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, amachidziwa ngati mtengo wobwezeretsa chonde. Mbewu funsani kwa alangizi a zaulimi, musangotola paliponse, chifukwa pali ombwe wina wofanana naye maonekedwe koma wopanda mphamvu. Dzalani m'mbali mwa mpanda ndi mvula yoyamba, ndipo pakatha miyezi pafupifupi 6 mudzayamba kuthyola masamba.

Ayanikeni pamthunzi kwa sabata. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amayanika padzuwa ngati mfutso, osadziwa kuti dzuwa limapha mankhwalawo. Akauma, mangani kansalu pamphuno, valani majumbo m'manja, musinje. Mtondo wosinjira nsinjiro usayandikire! Pezani wina wakale, ukhale wa ntchito imeneyi basi.

Thirani magalamu 100 a ufawo m'lita imodzi ya madzi, onjezani kachidutswa ka sopo kuti mankhwala amate pamasamba, ndipo musiye usiku wonse. Mawa lake sefani ndi nsalu, apo ayi sipuleya itsekeka. Poperani dzuwa litapendeka, njuchi zitachoka, ndipo muyambe kunsi kwa tsamba kumene nsabwe zimabisala. Bwerezani sabata iliyonse. Ndalama imene ingatuluke m'thumba ndi ya sopo yokha.

Musathyole ndiwo tsiku lomwelo. Dikirani masiku angapo, kenako muzitsuke bwino musanaphike. Ngati muli ndi wantchito wosamalira maluwa, mufotokozereni zonsezi pamaso, musangomusiyira ndowa pakhonde.

Zotsala musathire m'ngalande, poti madzi a kuno amatsikira mumtsinje wa Lingadzi, ndipo nsomba sizipirira ngakhale pang'ono. Kumbani kadzenje kutali ndi chitsime, mukwirire. Ufa wotsala sungani m'chitini chotseka cholembedwa dzina, pamwamba posafikira ana, kutali ndi thumba la ufa wa nsima.