ULUSI WOBISIKA M'MULU WA KAUNJIKA

Ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndikufotokozereni chinthu chimene ndinachiphunzira pa holide, osati m'kalasi iai, koma pa msika ndi pakhonde pa agogo anga. Ambiri a inu mumandiona ndiri ndi singano zolukira m'manja Loweruka lirilonse, ndipo ena mwakhala mukundifunsa kuti, "Kodi iwe ndalama za ulusi wonsewu umazitenga kuti?" Yankho lake ndi ili: ulusi wanga sindigula m'sitolo. Ndimautenga m'majuzi akale a pa kaunjika. Koma ntchito imeneyi iri ndi nzeru zake, ndipo munthu wosazidziwa angataye ndalama monga momwe ndinatayira ine.

Kwathu ndi kufupi ndi Dedza, kumene mphepo ya mwezi wa June imalowa mpaka m'mafupa. M'mwezi womwewo, chaka chatha, mkulu wanga anabereka mwana wamwamuna masiku asanakwane. Kamwanako sikanafike ngakhale makilogalamu 2. Anamwino anaphunzitsa mkulu wangayo njira ya kangaru, ndiyo yomangirira mwana pachifuwa pa amake, khungu ndi khungu, kuti azimva kutentha kwa thupi lao usana ndi usiku. Njira imeneyi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, ndipo kuno kwathu inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Mwana womangidwa chotero mutu wake umakhala pamtunda, ndipo khanda limataya kutentha kwambiri kudzera kumutu. Chifukwa chake anamwino anati pafunika zipewa ndi timasokosi, osati chipewa chimodzi chokha, pakuti china chikachapidwa china chizikhala kumutu.

Amai anamasula pansonga pa chitenje, nandipatsa ndalama zimene anasunga atagulitsa mbatata. Anati, "Mwana wanga, pakhomo pano wodziwa kuluka ndiwe. Pita ukagule ulusi." Nditafika ku sitolo ndinagwa mphwayi. Ulusi wolukira umachokera kunja, ndipo chigwere kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wa zinthu zotere unakwera koopsa. Ndalama zanga zikadangokwana timipukutu tiwiri ta magalamu 50. Pamenepo ndinakumbukira kuti agogo anandiuzapo kuti juzi yakale imamasulika, ndipo ndinathamangira ku msika.

Pa mulu woyamba ndinaona juzi yofiira, yowala, yopanda chibowo ngakhale chimodzi. Sindinafunse munthu, sindinaitembenuze. Ndinangopereka theka la ndalama za amai. Kunyumba nditadula msoko ndi kuyamba kukoka, ulusi unatuluka wautali ngati mkono wanga, nutha. Ndinakokanso, nutulukanso wina wofanana nao. Pofika madzulo ndinali ndi mulu wa tizidutswa tosathandiza kanthu, ndipo misozi inali m'masaya. Agogo anatola juziyo, naitembenuza, nati, "Mdzukulu wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Juzi saigula poona kumaso, amaigula poona kuseri." M'mawa mwake anandiperekeza ku msika ndi ndalama zotsalazo, ndipo zimene anandiphunzitsa, pamodzi ndi zina zimene ndaonjezera powerenga, ndizo ndalemba pano.

Choyamba: yang'anani msoko

Majuzi opangidwa ku fakitale ali a mitundu iwiri. Ena amawadula kuchokera ku nsalu yaikulu yolukidwa kale, monga momwe telala amadulira malaya, ndipo m'mphepete mwake amasokamo ndi makina kuti musamasuke. Msoko wake ndi wonenepa, wokulungidwa ndi ulusi wopyapyala wambirimbiri, wonga umene muli nao m'kati mwa sikipa yanu ya masewera. Juzi yotere isiyeni, ngakhale ikongole chotani, pakuti mzere uliwonse unadulidwa uku ndi uku. Ndiyo inali juzi yanga yofiira ija.

Majuzi ena amalukidwa chigawo chirichonse pachokha: kutsogolo, kumbuyo ndi manja awiri. Zigawozo amazilumikiza ndi ulusi umodzi woyenda ngati unyolo. Mukatembenuza juzi yotere mudzaona mphepete ziwiri zosalala zitagundana, ndipo mukazikanula pang'ono ndi zala mudzaona kaulusi kolumikizako pakati. Imeneyi ndiyo yogula, chifukwa chigawo chonse ndi ulusi wautali wosadukaduka. Musakhumudwe mukapeza kuti paphewa pokha ndi podula. Mudzangotaya mizere yochepa ya pamwamba. Koma juzi yotsegula kutsogolo muiyang'anitsitse, popeza mabowo a mabatani nthawi zina amachita kuwadula.

Chachiwiri: dziwani mtundu wa ulusi

Werengani kansalu kolembedwa ka pakhosi kapena ka m'nthiti. Mau akuti "wool" atanthauza ubweya wa nkhosa. Mukaona "merino", dziwani kuti mwatola chuma, pakuti umenewo ndi ubweya wofewa wa mtundu wa nkhosa zochokera ku Spain, zimene zimawetedwa zambiri ku Australia. Mau akuti "cotton" ndi thonje lathu lomweli. "Acrylic" ndi ulusi wopangidwa ndi mankhwala ochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndiye kuti ndi mbale wake wa pulasitiki.

Kansaluko kakasowa, moto udzakuuzani zoona mukafika kunyumba. Dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi mawaya awiri pamwamba pa mbale ya madzi, ndipo kayatseni ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita. Thonje limayaka msanga ndi kununkha ngati pepala. Ulusi wa pulasitiki umasungunuka, numasiya kachibulumwa kakuda kolimba. Kuyesa kumeneku sikungochitira chidwi iai. Ubweya ndiwo ufunditsa koposa, koma wina umayabwa, ndipo ufuna kuchapa mosamala. Wa pulasitiki suvuta kuchapa ndipo suchedwa kuuma, koma mwana wouvala asayandikire mbaula, chifukwa ukagwira moto umamatirira pakhungu. Ngati mukulukira khanda, khudzitsani juziyo pakhosi panu; ikakuyabwani inu, khanda idzalisautsa koposa.

Chachitatu: onani ngati ulusi uli ndi moyo

Ubweya wochapidwa m'madzi otentha ndi kufikisidwa umagwirana, nukhala ngati bulangeti. Tambasulani juziyo ndi manja moyang'ana kudzuwa. Mukaona maso a malukidwe bwino lomwe, idzamasuka. Akakhala kuti anatsekeka, palibe chimene mungachite. Yang'ananinso tizibowo tating'ono tomwazikana, pakuti timeneto ndi ntchito ya njenjete, ndipo ulusi wake udzaduka kawirikawiri. Koma chibowo chimodzi chachikulu pachigongono, kapena banga pachifuwa, zimenezo ndi abwenzi a woluka. Wofuna kuvala sadzaigula juzi yotere, motero mtengo wake umatsika, chonsecho ulusi wotsalawo ndi wabwino. Sankhaninso juzi ya ulusi wonenepa bwino. Ya ulusi wopyapyala ngati wosokera imatenga masiku kuimasula, ndipo poluka muyenera kuphatikiza mitsitsi iwiri kapena itatu.

Chachinai: pitani pa nthawi yake

Kaunjika amafika m'mabelo omangidwa zolimba kuchokera ku maiko akutali. Pa tsiku lotsegula belo anthu amalimbirana zokongola, ndipo wogulitsa sakumva za kuchotsera. Woluka alibe chifukwa cholimbirana nao. Iye apite msika uli pafupi kutha, pamene zatsala zikuluzikulu zosakwana munthu, zotambasuka khosi ndi za maonekedwe achikale. Juzi yaikulu ya abambo ndiyo iri ndi ulusi wambiri. Nyengo yabwino koposa ndi October ndi November, pamene kwatentha ndipo palibe woganiza za juzi. Mu June mtengo wake umakwera pamodzi ndi mphepo. M'matauni mulinso masitolo a zovala zakale, monga a DAPP, kumene munthu angasankhe modekha.

Ponenerera, khalani aulemu. Agogo anauza wogulitsa kuti, "Amai, iyi yabooka pachigongono, sitikukavala iai, tikukamasula. Tichotsereniko." Mai uja anaseka, natichotsera, natiuzanso kuti tizibwera kudzaona zobooka. Tikumbukire kuti naonso ali pa mavuto: mu February 2025 ogulitsa kaunjika anayenda m'miseu ya Lilongwe kudandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Kunyoza katundu wa munthu kuti akuchotsereni si khalidwe la mwana wa sukulu.

Chachisanu: kumasula ndi kukonza

Yambani mwachapa juziyo ndi sopo m'madzi ofunda pang'ono, ndi kuiumitsa. Chotsani mabatani ndi zipi, muzisunge m'kachitini, pakuti nazonso zimagulidwa ndi ndalama. Kenaka funani kumene unyolo wa msoko unathera, dulani diso limodzi, ndi kukoka. Mukagwira mbali yoyenera, msoko wonse umatseguka monga umachitira ulusi wa pakamwa pa thumba la feteleza. Ukakana, yesani mbali inayo. Musaumirize ndi lezala, mungadule juzi yeniyeniyo. Chotsani kolala, kenaka manja, ndipo patulani kutsogolo ndi kumbuyo.

Kuluka kumamasuka kuyambira kumene kunathera. Majuzi ambiri amalukidwa kuchokera m'chiuno kukwera, motero inu muyambire paphewa kutsika. Ulusi udzatuluka wopotanapotana. Uzengeni kuzungulira miyendo iwiri ya mpando wogadamiza, mangani nkhatayo m'malo anai kuti isasokonekere, ndipo iviikeni m'madzi ofunda pang'ono kwa theka la ola. Musafikise kapena kupotokola. Ingofinyani pang'onopang'ono, ndi kuyanika pamthunzi. Ikauma, kulungani mipukutu mosakoka kwambiri, kuti ulusi usataye kufewa kwake.

Za singano

Singano zolukira zimapezeka nthawi zina pakati pa ziwiya zakale pa msika, koma nthawi zambiri sizikhala ziwiriziwiri zofanana. Agogo amasema zao ndi nsungwi youma, nazipala ndi galasi losweka, nazipaka kandulo kuti ziterere. Masipoko a njinga, amene kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita 2, amachita bwino pa ulusi wopyapyala wa timasokosi, mukanola nsonga yake pamwala ndi kuisalaza kuti isabaye. Wokonza njinga sangakumaneni masipoko otha ntchito mukampempha mwaulemu.

Kodi n'zochititsa manyazi?

Mnzanga wina wa m'chipinda chathu chogona anandiseka kuti ndikuluka nsanza. Poyamba zinandipweteka. Koma m'phunziro la mbiri yakale ndinapeza kuti chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ku Britain zovala zinkagulidwa mwa muyeso kuyambira 1941 mpaka 1949, ndipo m'chaka cha 1943 boma la kumeneko linasindikiza kabuku kotchedwa Make Do and Mend kolangiza anthu kukonza zakale ndi kuzisandutsa zatsopano. Amai a kumeneko ankamasula majuzi akale ndi kulukanso, monga momwe achitira agogo anga, amene sanawerengepo kabukuko. Ulusi sudziwa kuti unavalidwapo. Ukachapidwa ndi kuwongoledwa, umayamba moyo wina.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi monga m'kalasi ya masamu. Juzi imene tinagula ndi agogo inali yotuwa, ya ubweya wofewa, yaikulu. Nditaimasula ndinakayeza ulusi wake pa sikelo ya pa golosale, ndipo unakwana magalamu 450. Gawani 450 ndi 50, mupeza mipukutu 9 ya ku sitolo. Ine ndinalipira ndalama zimene ku sitolo zikadagula mpukutu umodzi wokha. Pa ulusi umenewo ndinaluka zipewa zitatu, timasokosi tiwiritiwiri kawiri, ndi kajuzi kamodzi, ndipo wotsala ndinalukira agogo mpango wa m'khosi. Chipewa choyamba ndinachitha usiku womwewo pa nyali, ndipo m'mawa amai anapita nacho kuchipatala. Mkulu wanga pochiona anati, "Mng'ono wanga, kodi ulusi wofewa chotere waugula kuti?" Amai anangoseka. Lero mwanayo akuyenda chogwira mipando, ndipo zipewa zija zinapita kwa khanda lina la m'mudzi mwathu.

Ngakhale tizidutswa ta juzi yofiira ija sitinatayidwe. Agogo anatilowetsa m'thumba la saka ndi kachitsulo kokowa, ndipo tsopano ndi chopondera pakhomo pa nyumba yao. Ndikachiponda ndimakumbukira kuti safunsa anadya phula.

Anzanga, mwezi wa October ukadzafika, aliyense wokonda kuluka apatule kandalama kochepa, apite pa msika, atembenuze juzi asanafunse mtengo. Ndipo ngati alipo, mtsikana kapena mnyamata, wofuna kuona ndi maso kusiyana kwa misoko iwiri ija, andipeze Loweruka masana pansi pa mtengo wa kuseri kwa laibulale. Ndasunga dzanja limodzi la juzi yofiira ija kuti ndizionetsa anthu.

Wophunzira wa Fomu 3