Kuchoka ku Masasa mpaka ku Bandawe pa njinga: yambani ndi mabuleki

Ulendowu ndi wa masiku atatu ngati simukuthamangira maliro. Tsiku loyamba mumachoka ku Masasa mumzinda wa Mzuzu n'kutsetsereka mpaka ku Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50. Lachiwiri mumatsata msewu wa M5 kulowera kummwera, kudutsa pa Chintheche mpaka ku Bandawe, makilomita ena 45 kapena kuposerapo pang'ono. Lachitatu ndi lobwerera. Ndasankha njira imeneyi chifukwa ilibe mathiraki ambiri ngati M1, ndipo ukangopitirira mphambano ya ku Nkhata Bay umatha kupalasa nthawi yaitali ukungomva tcheni chako chokha.

Za madzi, chipewa, pampu, chubu chapadera, zigamba ndi sipanala sinditayapo nthawi. Munthu amene sakudziwa zimenezi ayambe wapita ku Ekwendeni n'kubwerako tsiku lomwelo, makilomita 20 kupita kokha, akaone mishoni imene Walter Elmslie anatsegula mu 1889, aphunzire kumata chubu ali pafupi ndi kwawo. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, koma dziwani kuti mu Juni ndi Julayi mwera umaomba kuchokera kummwera, ndiye tsiku lachiwiri mudzalimbana nawo maso ndi maso. Nyamukani kusanatenthe.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500. Kusiyana konseko, mamita 700 ndi kuposa, mumakutsika m'mawa umodzi. Malangizo ambiri amene achinyamata akuwerenga pa intaneti analembedwera anthu opalasa m'mbali mwa mtsinje wa Loire ku France, kumene kuli njira ya njinga ya makilomita pafupifupi 900 yodutsa m'midzi yakale ndi m'minda ya mpesa, pafupifupi yonse yachidikha. Kumeneko angakambe tsamba lonse za chishalo chofewa ndi zikwama zosalowa madzi. Kuno chimene chimagwetsa anthu ndi mabuleki, ndipo ndaona anthu amiyendo yamphamvu, ena ochita kuvala zovala zothina za mpikisano, akubwerera ku Mzuzu pa lole atakhala pamatumba a chinangwa, njinga ili pambali limu itapindika.

Musanapite kwa wokonza njinga, dziwani kaye dzanja limene likugwira tayala lakutsogolo. Musaseke. Njinga zathu zakuda zija, buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja. Njinga zambiri za kaunjika zochokera ku America ndi maiko ena a ku Ulaya zimakhala zotembenuza. Munthu wabwereka njinga ya mlamu wake, wafika pakona, wafinya mwamphamvu dzanja limene akuganiza kuti ndi lakumbuyo, basi wadutsa pamwamba pa mahandulo.

Kenako yang'anani malabala a buleki. Ngati timizere tija tafufutika, labala yasalala kapena yauma gwa, gulani ena onse anayi. Osati awiri, onse anayi. Mukamangitsa, imani pomwepo muone kuti labala ikugunda pa limu yokha. Ikakwera pang'ono n'kumakhudza tayala, imalidya m'mbali mwakachetechete, ndipo lidzaphulika muli pa liwiro. Ikatsika kwambiri imatha kulowa m'masipoko. Finyani buleki ndi mphamvu zanu zonse: chogwirira chisafike pa handulo, pakhale mpata wolowa chala. Waya wa buleki muuyang'ane pamene wamangidwa ndi nati, chifukwa ndi pamene umayambira kuthothoka. Mukaona ngakhale kaulusi kamodzi kataduka, sinthani waya wonse. Wokonza njinga wina adzakuuzani kuti "ameneyu akadali bwinobwino, bwana, mufika naye." Iye sapita nanu. Waya watsopano umatamuka masiku oyamba, choncho musinthe sabata imodzi ulendo usanafike, muyende nawo m'tauni, kenako mukaukokenso.

Zunguzani tayala muone ngati limu ikuvina. Limu yovina imakukakamizani kumasula mabuleki kuti isamakhule, ndiye mumakhala ndi buleki ya dzina lokha. Akonze masipoko mpaka iwongoke. Pukutani limu ndi kansalu kouma, ndipo amene akuthira oilo pa tcheni asadonthezere pamenepo.

Mwatha? Ayi. Mangani katundu yense amene mudzanyamule, madzi omwe, n'kukayesa njingayo pa chitsetse cha ku Masasa konkuno. Mwayi wa anthu a ku Masasa ndi umenewu: zitunda zili pakhomo, palibe chifukwa chokayesera mabuleki kutali. Tsikani pang'onopang'ono, muime ndi buleki yakumbuyo yokha, kenako yakutsogolo yokha, kenako zonse. Njinga imene siingaime pamenepa ili ndi katundu isatuluke m'tauni. Anyamata a sakaramento amene amanyamula anthu panjinga m'misewu ya Mzuzu tsiku lililonse amadziwa kusiyana kwa njinga yopanda kanthu ndi yolemedwa, ndipo mukawafunsa bwino adzakulozerani wokonza amene iwo amamukhulupirira.

Mabuleki abwino ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi dzanja lanu, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ngakhale njinga ili yatsopano. Munthu akachita mantha ndi chitsetse amagwira mabuleki pang'ono n'kusawasiyanso, kilomita yathunthu labala ikukhula limu. Limu imatentha. Mpweya wa m'chubu umafufuma, guluu wa zigamba zakale amafewa, labala nayo imayamba kuterera ndi kununkha. Mapeto ake chubu chimaphulika kapena mabuleki amangosiya kugwira, pamalo pamene mukuwafuna kwambiri. Musagwire mabuleki mosalekeza. Finyani zolimba kwa kamphindi liwiro litsike kwambiri, siyani limu ipume, finyaninso. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli kale m'kati mwake, chifukwa pamakona ndi pamene mvula imasiya mchenga. Thupi mulikankhire kumbuyo kwa chishalo. Ndipo pakapita makilomita awiri kapena atatu a chitsetse, imani pambali mukhudze limu ndi chala. Ngati simungathe kusiyapo chala, khalani pansi mudye nthochi mpaka izizire. Ndikubwereza: imani, khudzani limu, dikirani. Mnzanu akakusiyani, msiyeni apite, mukakumana kutsogolo pa Mpamba.

Njinga zimene buleki yake ndi yopondera pedulo chakumbuyo zili ndi vuto lomwelo, kungoti kutentha kumabisala m'kati mwa habu. Ngati ilibe buleki ina yakutsogolo, pamalo otsetsereka kwambiri tsikani muyende pansi. Palibe amene adzakulembeni m'nyuzipepala chifukwa chokankha njinga.

Chifunga cha ku Mzuzu nachonso musachiderere. M'miyezi yozizira mumatha kunyamuka kukuwaza kamvula, ndipo limu yachitsulo yonyezimira ija ikanyowa, mumafinya buleki tayala n'kuzungulira kangapo musanamve kanthu. Dikirani msewu uume. Ola limodzi silikuphani.

Pali nzeru ziwiri zam'mudzi zimene ndikufuna muzisiye kunyumba. Yoyamba ndi yoponda tayala lakutsogolo ndi patapata. Yachiwiri ndi yomanga nthambi ya mtengo kumbuyo kuti izikoka pansi. Onyamula makala amachita zimenezi chifukwa cha umphawi, ndipo ambiri a iwo ali ndi zipsera zoti angakuonetseni. Inu amene mwapeza ndalama yogona ku Nkhata Bay simungalephere kugula labala. Katundu mumumange motsika ndi molimba pa kaliyala, wolemera pansi. Chikwama cholemera kumsana chimakukankhirani kutsogolo nthawi iliyonse mukagwira buleki.

Mitengo ikusintha mwezi uliwonse, choncho izi ndi zongoyerekeza: malabala anayi ndi mawaya awiri mwina K12,000 mpaka K18,000, wokonza K5,000, chubu chapadera cha m'ma K10,000, chipinda cha resitihausi wamba K15,000 mpaka K25,000 usiku umodzi, chakudya cha tsiku K15,000 ngati simukunyada. Onjezani ndalama ina yapadera yobwerera.

Mukafika kunyanja miyendo ikunjenjemera, zotsalazo ndi zokoma. Ku Nkhata Bay pitani pa chikumbutso cha anthu amene anaomberedwa pa 3 Malichi 1959, pamene anasonkhana padoko kufuna kuti abale awo omangidwa, amene anali m'sitima ya Mpasa, amasulidwe. Madzulo idyani kondowole ndi nsomba ya batala, koma musadye wambiri m'mawa wonyamuka. Tsiku lachiwiri msewu umadutsa m'munda wa mitengo ya labala wa Vizara, mumthunzi wozizira bwino, anyamata atanyamula mipira ya labala m'mbali mwa msewu akuidunditsa pa tara kuti muime. Kuchoka apo ndi zitunda zing'onozing'ono, midzi ya Atonga, minda ya chinangwa, nyanja ikuoneka ndi kubisala.

Ku Bandawe musangojambula tchalitchi n'kutembenuka. Apa ndi pamene a mishoni ya Livingstonia anasamukira mu 1881 atathawa malungo ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Laws, ndipo manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero. Mudzi wa Chifira uli chapafupi, kwawo kwa Clements Kadalie amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Pezani mkulu wa mpingo kapena wa m'mudzi, mupereke moni mwaulemu mutatsika panjinga, mupemphe chilolezo musanalowe kumanda. Kulowa pakhomo pa munthu uli pachishalo ndi mwano, kaya wavala chisoti chodula bwanji.

Pobwerera musadzinamize. Mamita 700 amene munatsika aja akukudikirani, ndipo kuchokera ku Bandawe ndi makilomita oposa 80. Amene ali ndi magiya ndi tsiku lachinayi agone ku Nkhata Bay, anyamuke mbandakucha, akankhe pamene pafunika kukankha. Enanu kwezani njinga pa minibasi kapena pa matola. Mugwirizane mtengo wa njingayo isanakwezedwe, ndipo muimangitse nokha mukuona, magiya ali kumwamba, chifukwa kondakitala akaipanikiza ndi chitseko chakumbuyo mudzafika ku Mzuzu ndi limu ina yovina.