Woyang'anira amisiri pokonza nyumba: alipidwe bwanji?

Wamalonda akasonkhanitsa kandalama kokonzera nyumba yake, shopu kapena nyumba za lendi, nthawi zambiri amasankha yekha amisiri. Womanga amamupeza kutchalitchi, kalipentala ndi mnansi, wamagetsi ndi pulambala amamuuza ndi anzake a pamsika. Njira imeneyi imachepetsa mtengo chifukwa aliyense amanenerera naye payekha. Vuto ndi lakuti mwini wakeyo sangatseke benchi kapena golosale kwa mwezi wathunthu kuti azikhala pamalo a ntchito. Apa m'pamene pamafunika folomani kapena kontilakitala woyang'anira amisiri omwe sanawalembe yekha, ndipo mikangano yambiri imabuka pa malipiro ake.

Kodi ndalamayo ndi ya chiyani?

Ena amadabwa kuti munthu wosagwira njerwa kapena hamala alandire ndalama. Koma ntchito yake yaikulu ndi kuika amisiri mu ndondomeko. Denga limayamba, makamaka ngati mvula ya mu Novembala yayandikira. Mapaipi a madzi ndi mapaipi odutsamo mawaya amalowa m'khoma pulasitala asanaikidwe. Madzi amatsegulidwa kuti aone ngati penapake pakudontha matailosi asanamatidwe. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, ndipo khoma lonyowa silipakidwa penti. Ndondomekoyi ikasokonekera, wamagetsi amabwera kudzagumula pulasitala wa dzulo, ndipo mwini nyumba amagula simenti kawiri, n'kulipiranso leba kawiri.

Woyang'anira amawerenganso katundu wobwera, amasunga makiyi a sitolo, amaona ngati simenti ndi mchenga zikusakanizidwa pa mlingo woyenera, ndipo amatsimikiza kuti gawo latha bwino mmisiri asanalipidwe.

Njira zitatu zolipirira

Manambala otsatirawa ndi ophunzirira chabe, si mitengo ya pamsika. Mayi wogulitsa kaunjika akufuna kusintha malata, kuika siling'i, magetsi ndi bafa. Katundu yense ndi wa K4,000,000. Leba ya amisiri anayi ndi K2,000,000: womanga K900,000, kalipentala K500,000, wamagetsi K350,000 ndipo pulambala K250,000.

Njira yoyamba ndi ya peresenti. Folomani akati "mundipatse 10 peresenti", funso loyamba likhale lakuti: ya chiyani? Ya leba yokha ndi K200,000, pomwe ya ntchito yonse pamodzi ndi katundu ndi K600,000. Mawu ndi omwewo koma kusiyana kwake ndi K400,000, ndalama yokwana kuoda katundu watsopano. Choopsa china n'chakuti mitengo ikakwera, malipiro ake amakweranso. Amalonda sanaiwale za mu Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti, malata ndi penti n'kusintha m'masiku ochepa. Katundu wa mayi uja atakwera kufika pa K5,000,000, folomani angalandire K700,000 popanda ntchito ina yowonjezera. Munthu amene amapindula ndalama zikamapita zambiri alibe chifukwa chopulumutsira thumba la simenti.

Njira yachiwiri ndi yolipira pa tsiku kapena pa sabata. Pa K15,000 tsiku lililonse, masiku 30 ndi K450,000, koma ntchito ikatenga masiku 50 ndi K750,000. Njirayi ndi yabwino pa ntchito yaing'ono, kapena pa nyumba yakale yomwe mavuto ake amaoneka khoma likatsegulidwa. Ikasankhidwa, masiku akhale ndi malire, ndipo tsiku lomwe ntchito yaima lisawerengedwe, pokhapokha ngati yaima chifukwa mwini wake sanabweretse katundu.

Njira yachitatu ndi ya mtengo umodzi wogwirizana pachiyambi, wolipidwa m'magawo. Mwachitsanzo K450,000 igawidwe motere: K100,000 denga likatha, K100,000 mapaipi ndi mawaya zikayesedwa, K100,000 pulasitala ndi siling'i zikatha, K100,000 penti ikatha, ndipo K50,000 isungidwe mpaka nyumba itaona mvula. Kwa wamalonda wamng'ono njira imeneyi ndiyo yotetezeka, chifukwa amadziwiratu ndalama yomwe ichoke pa mpamba wake. Folomaninso amafulumira, popeza kuchedwa sikumuwonjezera kanthu. Chilungamo chake n'chakuti mwini nyumba akawonjezera ntchito pakati, monga khonde lomwe panalibe, akambiranenso mtengo ntchitoyo isanayambe.

Mphamvu ndi mlandu ziyendere limodzi

Kontilakitala amene watenga ntchito yonse n'kubwera ndi anthu ake amayankha pa chilichonse, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake umakhala wokwera. Koma woyang'anira amisiri a mwini nyumba sangakakamizidwe kulipira bafa lodontha lomwe pulambala wake sanamusankhe ndiye. Mlandu wake ndi wa zomwe anavomereza: ngati anasaina kuti mapaipi ali bwino asanawayese, kapena matumba a simenti anasowa makiyi ali m'thumba mwake.

Kuti izi zitheke, amisiri onse auzidwe pamaso pake kuti palibe adzalandire ndalama folomani asanavomereze gawo lawo. Mwini nyumba akamatumizira kalipentala ndalama mwamseri chifukwa ndi mlamu wake, mawu a folomani amasanduka mphepo, ndipo ndalama yomulipira imangopita pachabe. Pamalo a ntchito pakhale mawu amodzi: mwini wake akafuna kusintha chinthu, auze folomani, osati mmisiri aliyense payekha.

Pofunikanso kuchenjera ndi malipiro obisika. Woyang'anira wina amatchula mtengo wotsika podziwa kuti adzapeza yake ku hadiweya kapena podula leba ya amisiri. Wamalonda amadziwa kale kufunsa mitengo, choncho atenge makotesheni m'mashopu atatu, agule yekha katundu wamkulu monga malata ndi simenti, ndipo asunge malisiti onse. Ngati folomani ndiye azikagula, ndalama yake ya mayendedwe ilembedwe poyera.

Zolemba papepala

Mgwirizano wa pakamwa umaiwalika pomwe ndalama yavuta. Tsamba limodzi la m'kope ndi lokwanira, bola likhale ndi ntchito zomwe ziyang'aniridwe, masiku omwe folomani azipezeka pamalopo, mtengo ndi magawo ake, yemwe azigula ndi kusunga katundu, tsiku lomaliza ntchito, ndi ndalama yosungidwa. Onse awiri asaine pamaso pa mboni ndipo aliyense ajambule tsambalo pa foni. Kulipira kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki kumasiya umboni womwe ndalama ya m'manja sisiya.

Asanamulembe, mwini nyumba akaone nyumba ziwiri zomwe munthuyo anayang'anirapo n'kucheza ndi eni ake. Ngati akudzitcha kontilakitala, aonetse pepala la kalembera la bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno. Wamagetsi akhale ndi chilolezo cha MERA, pomwe zokhudza mita ndi za ESCOM ndi mabodi a madzi okha. M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kuwonjezera chipinda kapena kusintha kamangidwe ka nyumba kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo pepala la mgwirizano linene yemwe akatsatire zimenezi.

Pomaliza, wamalonda awerengere phindu lomwe amapeza pa tsiku. Ngati kutseka bizinesi kwa mwezi kungamutayitse ndalama zoposa malipiro a folomani, kuwonjezapo makasitomala omwe angazolowere kugula kwina, kulemba woyang'anira ndi nzeru. Ngati ntchito ndi ya mmisiri mmodzi kwa masiku atatu, m'bale wokhulupirika ndi foni zikwanira.