Apongozi akuti mawanga angawa ali m'magazi

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26. Chaka chatha ndinayamba kutuluka mawanga oyera kuzungulira pakamwa ndi m'zala. Kuchipatala anati ndi vitiligo. Chinkhoswe chayandikira, koma mayi a bwenzi langa akuti nthendayi ili m'magazi, ndidzapatsira mwana wawo ndi adzukulu omwe. Ena akunong'ona kuti ndi khate. Kodi ndikayezetse magazi kuti andikhulupirire?

Wosweka mtima, Dedza

Mwana wanga,

Pukuta misozi. Vitiligo sapatsirana, ngakhale mudyere mbale imodzi kapena kufunda chofunda chimodzi. Si khatenso: banga la khate limachita dzanzi, pomwe lakolo ukalikhudza umamva.

Vuto lili pa asilikali a m'thupi. Ambiri timadziwa CD4, koma alipo anzawo otchedwa CD8. Amenewa amasokonezeka n'kuyamba kupha maselo opanga mtundu wa khungu. Pomenya nkhondo yolakwikayi amatulutsa uthenga wotchedwa interferon-gamma, womwe umachititsa khungu kupanga zinthu zotchedwa CXCL9 ndi CXCL10, ndipo ziwirizi zimaitana asilikali ena kuti abwere pamalo pomwepo. Ofufuza apeza kuti CXCL10 amachuluka m'magazi a anthu amene mawanga awo akufalikira. Zimene zili m'magazi mwako ndi zimenezo, uthenga wa thupi lako lomwe, osati kachilombo koti n'kulowa mwa mwamuna.

Kuyeza CXCL10 kudakali nkhani ya kafukufuku, usataye ndalama kukufunafuna. Dokotala wa khungu amazindikira vitiligo poona. Chomwe ungapemphe ndi kuyezedwa chithokomiro, chifukwa matenda ake amakonda kuyendera limodzi ndi vitiligo.

Za ana sindikubisa: nthendayi imatha kuoneka mwa anthu angapo a mtundu umodzi, komabe ana ambiri a makolo amene ali nayo sakhala nayo.

Pempha kalata yopitira kwa madokotala a khungu ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo usachedwe, poti mawanga atsopano ndiwo amamva mankhwala bwino. Alipo odzola a steroid ndi tacrolimus. Nkhope imabwerera msanga, koma zala zimavuta, ndiye pamafunika kupirira miyezi. Mu 2022 dziko la America linavomereza mankhwala odzola a ruxolitinib, omwe amatsekereza uthenga wa interferon uja, kungoti ndi odula kwambiri.

Chimene ndikukuletsa ndi mtima wonse ndi mphini. Wina akadzati unalodzedwa, usalole lumo, chifukwa pakhungu la vitiligo chilonda chimatha kusiya banga latsopano. Mafuta oyeretsa khungu nawonso uwataye. Padzuwa dziteteze, mawangawo amapsa msanga.

Tsono chikundiwawa n'chakuti m'kalata yako yonse sindinamve mawu a mnyamatayo. Kufotokozera mayi ake ndi udindo wake, osati wako. Pitani limodzi kuchipatala akamve yekha kwa dokotala, kenako akakhale pansi ndi mayi ake ndi amalume ake chinkhoswe chisanafike. Akakana kukuperekeza, undilemberenso.

Azakhali