Kusamalira Bambo Akachitidwa Opaleshoni ya Prositeti

Prositeti ndi kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Mwa abambo ambiri opitirira zaka 50 kamakula n'kufinya njirayo mpaka mkodzo kumangodontha. Kukula kotereku si khansa. Mankhwala akakanika, madokotala amapala mbali yotsekayo kudzera m'njira ya mkodzo momwemo, kapena amang'amba m'munsi mwa mchombo. Ambiri amachira bwinobwino. Koma poti chilondacho chili m'kati ndipo sichioneka, inu apabanja khalani tcheru masabata 6 oyambirira.

Mkodzo wofiirira ngati madzi otsukira nyama usakuopseni. Umatha kuyera, kenako n'kufiiranso pakatha masiku 10 mpaka 14, pamene nkhanambo ya m'kati ikukanganuka. Bambo apume, azimwa madzi okwana malita 2 patsiku.

Thamangirani kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku, ngati mkodzo wafiira kwambiri ndipo muli magazi oundana, ngati wasiyiratu kutuluka pamimba n'kutupa, kapena ngati anawaika kapaipi ka mkodzo koma m'thumba lake simukulowanso kanthu. Chimodzimodzinso akatentha thupi, kunjenjemera kapena kutupa machende. Musangoti ndi malungo n'kukagula mapiritsi pagolosale. Kapaipiko musakakoke nokha: kali ndi kabaluni m'kati, kangang'ambe njira.

Khasu, njinga, mowa ndi kusenza matumba a chimanga, zonsezi zidikire kaye. Kukhala malo amodzi ndi mayi kudikirenso mpaka adokotala atavomereza. Papaya ndi ndiwo zamasamba zisasowe, chifukwa kudzimbidwa kumachititsa kuti azichita kukankha kuchimbudzi, magazi n'kuyambiranso.

Ena mkodzo umawapulumuka. Kawirikawiri zimachepa pakapita masabata kapena miyezi. Musawanyoze, achapireni mwakachetechete.

Pali china chomwe abambo amachita nacho manyazi, chonsecho chimachitikira ambiri. Pogonana amamva bwino monga kale, koma umuna sutuluka kunja. Umabwerera m'chikhodzodzo n'kudzatuluka ndi mkodzo, womwe umaoneka wotuwa. Sanalodzedwe, ndipo mayi, musaganize kuti bambo akuyenda njira. Sizivulaza thupi, kungoti kupereka pathupi kumavuta. Amene akufunabe ana anene zimenezi kwa adokotala opaleshoni isanachitike.

Mkodzo ukayambanso kutuluka mofooka patapita miyezi, mwina chipsera chachepetsa njira. Tengani buku lawo la kuchipatala, muwaperekeze akaonedwenso.