Malisiti a EIS: konzani buku la katundu msanga

Wogulitsa tomato pa msika wa Mponela kapena mandasi pa Malomo asade nkhawa, lamulo la malisiti atsopano silikumukakamiza kugula makina. Likukhudza amalonda amene analembetsa msonkho wa VAT ku Malawi Revenue Authority (MRA), monga a mahawuleselo, a hadiweya ndi mashopu akuluakulu. Komabe mukamapikula katundu kwa anthu amenewa, kapena bizinesi yanu ikukula, nkhaniyi ndi yanunso.

Kuyambira 2014, amalonda a VAT ankatulutsa malisiti pa makina a EFD. Mu 2025 MRA idabweretsa njira ina yotchedwa Electronic Invoicing System (EIS). Iyi imagwira pa foni, kompyuta kapena makina a pakauntala, ndipo lisiti lililonse limafika ku MRA kudzera pa intaneti. Chachilendo kwambiri n'chakuti EIS imaonanso katundu amene walowa ndi kutuluka mushopu. Mukalowetsa matumba 40 a simenti n'kugulitsa 25, payenera kutsala 15. Akapezeka 9, mudzafunsidwa kumene kwapita 6 enawo.

Tsiku loyambira lidasunthidwapo amalonda atadandaula, koma kusuntha si kuthetsa. Konzekani motere.

Choyamba, werengani katundu yense ndipo mulembe dzina, kuchuluka ndi mtengo wogulira. Shuga wa kilogalamu imodzi akhale pamzere wake, wa theka pamzere wina.

Chachiwiri, onetsetsani kuti TPIN yanu ili bwino, komanso nambala ya foni imene MRA ili nayo ndi imene mukugwiritsa ntchito.

Chachitatu, popikula ku Lilongwe kapena ku Kasungu, itanitsani lisiti lokhala ndi TPIN yanu. Popanda lisiti lovomerezeka simungachotsere VAT imene mudalipira pogula, ndipo imadya phindu lanu.

Chachinayi, lembani chilichonse chotuluka popanda ndalama: changongole, chowonongeka, ngakhale sopo amene mwatengera kunyumba. Apa ndi pamene mabuku ambiri amasokonekera.

Chachisanu, ganizirani za magetsi ndi netiweki. M'mapiri a Ntchisi ndi ku Dowa netiweki imabwera n'kuthawa. Malisiti olembedwa netiweki itachoka amatumizidwa ikabwerera, choncho musagone osalumikiza. Kasola kakang'ono kotchajira foni n'kofunika ngati sikelo.

Musaiwale kuti lipoti la VAT la mwezi uliwonse liyenera kufika ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira. Kuchedwa kuli ndi chindapusa.

Kwa inu ogula soya ndi mtedza ku Madisi, Nambuma kapena Khuwi, amene simunalembetse VAT, yambani ndi kope la kusukulu: tsiku, makilogalamu, mtengo, ndi kumene mwagulitsa. Makampani ogula mbewu amadula msonkho pa malipiro anu, ndiye tengani chikalata chake n'kusunga. Bizinesi ikadzafika polembetsa VAT, mudzangosamutsira mu foni zimene muli nazo kale m'kope.